Za Bungwe la ku Casablanca ndi Ana Osalembedwa M'kaundula

M'chaka cha 2008 madotolo ndi akatswiri oyeza magazi ochokera m'maiko angapo a mu Africa anasonkhana mu mzinda wa Casablanca, m'dziko la Morocco, nakhazikitsa bungwe lotchedwa African Society for Immunodeficiencies, limene mwachidule limatchedwa ASID. Mtsogoleri wake woyamba anali Professor Ahmed Aziz Bousfiha, dotolo wa ana wa mu mzinda womwewo. Ntchito imene bungwelo linadzipatsa ndiyo kufunafuna, kuwerenga ndi kuthandiza anthu obadwa ndi chitetezo cha m'thupi chopunduka, matenda amene oopsa koposa mwa iwo amaoneka mwana akali khanda. Munthu wa kuno akamva za kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi, maganizo ake amathamangira ku kachirombo ka HIV, ndipo sangadzudzulidwe, pakuti palibe mudzi umene sunalirepo maliro a mliri umenewo. Koma matenda amene bungweli limasamala ndi ena. Sapatsirana, ndipo sachokera ku njala. Mwana amabadwa nao monga momwe amabadwira ndi mphuno ya atate wake kapena msinkhu wa agogo ake.

Patapita zaka zisanu, mu 2013, a Bousfiha pamodzi ndi anzao anasindikiza chiwerengero chimene chiyenera kudetsa nkhawa aliyense wosunga mabuku a Boma. Iwo anatenga kuchuluka kwa matendawa m'maiko amene amawayeza mosamala, nakufanizira ndi chiwerengero cha anthu a m'zigawo zonse za dziko lapansi. Anapeza kuti mu Africa anthu okhala ndi matenda otere akhoza kufika 902,631, pamene olembedwa m'kaundula pa nthawiyo anali 1,016 okha. Ngakhale ku Europe, kumene zipatala ziri zambiri, oyembekezeka anali 638,000 ndipo olembedwa 15,052. Nkoyenera kunena poyera kuti chiwerengero chachikulucho nchongoyerekeza, ndiponso kuti olembawo anachipereka monga malire a pamwamba. Komabe munthu wokayika atati achidule kakhumi, otsalawo aposabe 90,000. Kalaliki amene apeza kuti m'buku la mudzi muli maina khumi, pamene m'mudzimo utsi ukufuka pa nyumba mazana, sanena kuti anthu kulibe. Amadziwa kuti wolembayo sanafike.

Thupi la munthu liri ndi asilikali ake, monga aphunzitsi amafotokozera ana m'kalasi: maselo oyera a m'magazi, ndi zida zimene maselowo amapanga zogwirira tizirombo. Gulu la nkhondo limeneli likhoza kulakwa m'njira ziwiri. Mwina asilikali ena amasowa, kapena alipo koma zida alibe, kotero kuti tizirombo timene mwana wina akanatigonjetsa m'masiku atatu timamgoneka mwana uyu m'chipatala mwezi wathunthu. Mwinanso asilikaliwo amakhala ndi ukali wopanda nzeru, naukira zinthu zosalakwa monga dzira, mkaka, mtedza, fumbi la m'nyumba kapena mungu wa maluwa. Pamenepo ndi pamene anthu amati chakutichakuti chimamuwenga, ndipo zotsatira zake ndizo ziwengo, kuyetsemula kosatha, mphumu, kapena kutupa kwa pakhosi kumene kukhoza kupha m'mphindi zowerengeka. Liu lakuti allergy, limene madotolo amatchulira zimenezi, linayamba ndi dotolo wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, mu 1906. Popeza gwero la zonse ziwiri ndi limodzi, m'maiko ambiri dotolo wa ana amene amaona za kuwengedwa ndiye amaonanso za chitetezo chopunduka, ndipo ku Egypt, ku Italy, ku Spain ndi ku Japan kuli mabungwe a madotolo a ana amene maina ao amatchula zonse ziwiri pamodzi.

Mbiri ya matenda a chitetezo chopunduka si yakale. Mu 1952 Dr. Ogden Bruton, dotolo wa ana pa chipatala cha asilikali cha Walter Reed ku Washington, analemba za mnyamata wa zaka 8 amene pa zaka zinai anadwala matenda oopsa a m'magazi maulendo 19. Nthawi iriyonse mankhwala ankamdzutsa, ndipo nthawi iriyonse ankabweranso. Dotolo wina akanangolemba m'buku kuti mwanayu ngwofooka, nambaya jakisoni wina. Dr. Bruton anafuna kudziwa chifukwa chake, nayeza magaziwo ndi makina amene anali atsopano masiku amenewo, napeza kuti gawo lina lotchedwa gamma globulin, m'mene mumakhala zida zogwirira tizirombo, munalibiretu. Anayamba kumbaya mwezi ndi mwezi gamma globulin wotengedwa m'magazi a anthu ena, ndipo matenda obwerezabwereza aja analeka. Cholakwika chenicheni m'chibadwa cha ana otere chinadziwika mu 1993, patapita zaka 41, koma mnyamata uja sanadikire chimenecho kuti apeze mpumulo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali mtundu wina woopsa koposa, wotchedwa SCID, umene mwana amabadwa wopanda maselo otsogolera nkhondo ija. Pobadwa amaoneka wathanzi, chifukwa akali ndi zida zimene analandira kwa amake ali m'mimba. Koma m'miyezi yoyamba yomweyo amayamba zilonda zoyera m'kamwa zosamva mankhwala, chibayo, kutsegula m'mimba kosalekeza, ndipo sikelo imaleka kukwera. Wopanda chithandizo kawirikawiri samaliza chaka chachiwiri. Dziko lonse linamva za nthendayi chifukwa cha David Vetter wa ku Texas, amene anabadwa mu 1971 nakhala zaka 12 m'kanyumba ka pulasitiki kotsekereza tizirombo, kufikira chaka cha imfa yake, 1984. Njira yochizira inalipo kale: mu 1968 Dr. Robert Good ndi anzake ku Minnesota anachiritsa khanda lotere polipatsa mafuta a m'mafupa a mlongo wake. Chimene chaphunziridwa kuyambira pamenepo nchakuti nthawi ndiyo imalamula. Kafukufuku wa mu 2014 anasonyeza kuti mwa makanda opatsidwa chithandizochi asanapitirire miyezi itatu ndi theka, 94 pa 100 alionse anali moyo patapita zaka zisanu. Chigawo cha Wisconsin chinayamba mu 2008 kuyeza khanda lirilonse ndi kadontho ka magazi a ku chidendene, ndipo pofika kumapeto kwa 2018 zigawo zonse za America zinali zitatsatira. Kuyezako kunaonetsa kuti mwana mmodzi mwa 58,000 amabadwa ndi nthendayi, kuposa m'mene mabuku akale ankanenera. M'Malawi mumabadwa ana oposa 600,000 pa chaka. Ngati chiwerengero cha ku America chigwiranso kuno, ndiye kuti chaka chirichonse makanda ngati khumi amabadwa ndi mtundu umodzi wokhawu. Ndipo mitundu yonse yodziwika inali 485 pa kuwerenga kwa mu 2022.

Kodi ana amenewa amathera kuti? Amathera m'mabuku a zipatala pansi pa maina ena. Mwana abwera ndi chibayo, alandira mankhwala, apita kwao, abweranso ndi mafinya m'makutu onse awiri, abweranso atanyentchera. Wothandiza dotolo, amene pakhomo pake pali mzere wautali wa amai obereka ana kumbuyo, achita zimene anaphunzitsidwa, ndipo achita bwino: ayeza malungo, ayeza HIV mwa mwana ndi mwa amake, aganizira chifuwa chachikulu, alembera chiponde. HIV ikapanda kupezeka onse apuma, ndipo funso lithera pomwepo, pamene ndi pomwe linayenera kuyambira. Mwanayo akamwalira, cholembedwa ndi chibayo kapena kunyentchera, zimene siziri bodza, koma siziri choona chonse. Kumudzi nako kuli maina ake. Khanda likamaonda popanda chifukwa chooneka, akulu amanena za tsempho, nayamba kufunsana amene analakwira mwambo. Likakhala lachiwiri kapena lachitatu kufa m'nyumba imodzi, chala chimaloza nkhalamba ina ya m'mudzimo, imene mlandu wake ndi imvi zokha.

Pamenepa pali chinthu chimene anthu odziwa za mbumba angachimve msanga kuposa ena. Nthenda ya Bruton, ndiponso mtundu wa SCID umene David Vetter anali nao, zimayenda m'magazi a kuchikazi: mai amazinyamula osadwala, ndipo odwala amakhala ana ake aamuna. Motero funso limodzi losalira ndalama, lakuti kodi mwa alongo ake a maiyo, atsibweni a mwanayo, alipo amene anafa ali makanda, likhoza kuunikira dotolo makina asanayatsidwe. Mitundu ina imaoneka pamene atate ndi amai onse awiri anyamula cholakwika chimodzimodzi, ndipo imachuluka kumene achibale amakwatirana kwambiri, monga kumpoto kwa Africa; ndicho chimodzi mwa zifukwa zimene madotolo a ku Morocco, Tunisia, Algeria ndi Egypt anatsogolera pa ntchitoyi. Palibe kholo limene liri ndi mlandu pa zimenezi, pakuti munthu sasankha chimene abadwa nacho, ndipo dotolo wofotokoza ayenera kutsindika mau amenewa, kuopa kuti mai angatuluke m'chipatala atasenza mlandu watsopano m'malo mwa wakale.

Tsono pali mau otsutsa amene sayenera kunyozedwa, pakuti amanenedwa ndi anthu odziwa kupepuka kwa thumba la Boma. Iwo amati: dziko limene likulimbanabe ndi malungo, chibayo wamba, kolera ndi njala lingataye bwanji nthawi pa nthenda ya mwana mmodzi mwa zikwi makumi asanu? Kuika mafuta a m'mafupa kumafuna zipatala zimene maiko ambiri a mu Africa alibe. Gamma globulin ngwokwera mtengo, ndipo wodwala amamfuna moyo wake wonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mau amenewa ali ndi choona chachikulu. Imfa za ana osakwana zaka zisanu m'dziko lino zinatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo mu 1992, kufika pa 63 m'kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016, ndipo zinatsika chifukwa cha zinthu zofikira onse: katemera, masikito, sikelo, alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndi njira ya Option B+ imene Malawi anayamba mu 2011 maiko ena onse asanaiyambe, yopatsa mankhwala a moyo wonse kwa mai aliyense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV. Boma linachita bwino kuyamba ndi zimenezo, ndipo likanalakwa likanayamba ndi zina.

Koma chuma cha bungwe la madotolo si nyumba kapena makina. Chuma chake ndi chidziwitso, ndipo zoyamba zimene chidziwitsocho chimabweretsa nzotsika mtengo. Choyambirira ndi kukayika: kuti mwana wodwala chibayo kawiri m'chaka chimodzi, kapena wa zilonda za m'kamwa zosatha atapitirira chaka chimodzi, kapena wa zithupsa zakuya zobwerezabwereza, HIV palibe, asabwezedwe kwao ndi mau akuti zonse ziri bwino. Kuwerenga maselo a m'magazi kumachitika kale tsiku ndi tsiku m'zipatala zazikulu, koma diso la wowerenga pepalalo limathamangira pa kuchepa kwa magazi, nkulumpha mzere wa maselo otchedwa lymphocyte, umene kwa khanda la SCID kawirikawiri umakhala wotsika kwambiri. Kuphunzitsa diso limenelo kuima pa mzerewo sikulira ndalama zakunja. Bactrim, amene ali kale m'zipatala chifukwa cha HIV, amatetezanso ana ena a chitetezo chopunduka. Ngakhale pa mwana amene sangathe kupulumutsidwa, kudziwa chimene chamtenga kukhoza kuthandiza mng'ono wake wodzabadwa, ndipo kumatseka pakamwa pa oloza zala.

Owerengera ndalama za Boma aganizirenso kuti mwana wosadziwika nthenda yake sali waulere. Amagona pa bedi la Boma kasanu kapena kuposa, namwa mankhwala amphamvu amene sakufika pa gwero, mwinanso kulandira mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi isanu ndi umodzi pa nthenda imene alibe. Ndipo kupambana kwa Boma komweko ndiko kukubweretsa ana amenewa poyera. Madzi a mumtsinje akamaphwa, miyala imene inali pansi imaoneka; malungo ndi HIV zikamachepa m'zipinda za ana, gawo la obadwa ndi matenda ao pakati pa otsala obwerabwera lidzanka likula.

Nkhani ya katemera iyenera kunenedwa mosamala, chifukwa pali anthu amene amadikira mau alionse oti awapotoze. Katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo, ali ndi tizirombo tamoyo tofooketsedwa. Kwa ana pafupifupi onse ndi linga lolimba, ndipo kholo lokana katemera likuika mwana wake ndi ana a anzake pa ngozi. Koma m'thupi la khanda la SCID tizirombo tofookato timapeza mudzi wopanda mlonda, ndipo BCG akhoza kufalikira thupi lonse. Chifukwa chake bungwe la World Health Organization limati mwana wodziwika kuti ali ndi nthenda yotere asapatsidwe BCG. Bvuto nlakuti katemerayu amaperekedwa pobadwa, nthenda isanaoneke. Amene angateteze mwanayo ndi mzamba kapena namwino amene wamva kuti m'banjamo munafa kale makanda mosadziwika bwino, natumiza khandalo kwa dotolo kuti aone magazi ake msanga. Chilonda cha BCG chikakana kupola kwa miyezi yambiri, kapena mwanabere wa m'khwapa akatupa nkuphulika, ndi chizindikiro choti mwanayo akaonedwe kuchipatala; si chifukwa choti mudzi uleke katemera. Ndipotu mwana wa chitetezo chopunduka amadalira katemera wa anzake kuti chikuku chisamfike.

Kagwiridwe ka ntchito ka ASID nkofanana ndi ka mabungwe otere kulikonse. Bungweli limachititsa misonkhano yaikulu imene imasinthasintha malo: utatha wa ku Casablanca inachitika ina ku Tunisia, ku South Africa ndi ku Algeria, kenaka mu 2017 ku Livingstone m'dziko la Zambia, ndi mu 2019 ku Dakar. Limatumiza akatswiri kukaphunzitsa madotolo ndi oyeza magazi kwa masiku owerengeka m'maiko amene nkhaniyi njachilendo. Limalimbikitsa kusunga kaundula, ndipo limagwirizana ndi mabungwe anzake a ku Europe ndi kwina pa sabata ya 22 mpaka 29 April, imene chaka ndi chaka imapatulidwa kukumbutsa anthu za matendawa. A Bousfiha eni ake akhala akutsogolera ntchito yosanja matendawa m'magulu otsata zizindikiro, kuti dotolo athe kuchoka pa zimene akuona mwa mwana kufika pa dzina la nthenda pakati pa mitundu mazanamazana ija, ndipo kasanjidwe kameneko amakagwiritsa ntchito madotolo a pa dziko lonse. Nchinthu chonyaditsa kuti pa ntchito imeneyi Africa sali wolandira chabe.

Chofooka chake sichiyenera kubisidwa. Odwala olembedwa, pamodzi ndi akatswiri odziwa ntchitoyi, aunjikana ku nsonga ziwiri za Africa, kumpoto ndi ku South Africa, pamene pakati ponse, kumene ana obadwa ali ochuluka koposa, olembedwa ngochepa zedi. Msonkhano wa m'hotela sufika kwa wothandiza dotolo wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, amene ndiye woyamba kuona mwanayo. Bungwe la Africa yense likhoza kuyatsa moto, koma nkhuni ziyenera kutoledwa m'dziko lirilonse.

Mbali ina ija, ya kuwengedwa, iri ndi mbiri yofanana, ndipo ikhudza ana ochuluka kwambiri. Kale kunkanenedwa kuti mphumu ndi ziwengo za chakudya ndi matenda a Azungu. Mu 1979 madotolo a ku Cape Town anasindikiza zimene anapeza atayeza ana a Chixhosa a zaka 6 mpaka 9: m'tauni, ku Gugulethu, a mphumu anali 22 mwa 694, kumudzi, ku Tsolo, anali mmodzi yekha mwa 671. Mtundu unali umodzi, chosiyana chinali malo okhala. Patapita zaka 40, mu 2019, kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo anapeza kuti ana aang'ono owengedwa ndi chakudya anali 2.5 pa 100 mu Cape Town, ndi 0.5 pa 100 m'midzi ya ku Eastern Cape. Madotolo a kumeneko ali ndi bungwe lao, Allergy Society of South Africa, limene linayamba mu 1988 ndipo limasindikiza magazini ndi malangizo akeake. Maiko amene matauni ao akukula mofulumira ayenera kuyang'ana ziwerengero za ku Gugulethu ndi ku Tsolo monga munthu ayang'ana mitambo ya kumtunda kwa mtsinje.

Chifukwa chimene dziko liyenera kukhala ndi madotolo ake otha kupeta malangizo ochokera kunja chikuoneka bwino pa nkhani ya mtedza. Mu 1998 komiti ya Boma la Britain, ndi mu 2000 bungwe la madotolo a ana la ku America, analangiza makolo a m'mabanja okhala ndi ziwengo kuti asapatse ana mtedza kufikira zaka zitatu. Malangizowo anali ndi maonekedwe a nzeru, koma umboni wake unali wochepa. Professor Gideon Lack wa ku London, pamodzi ndi Dr. George du Toit amene anaphunzira ku South Africa, anaona kuti ana a Chiyuda a ku Britain ankawengedwa ndi mtedza pafupifupi kakhumi kuposa a ku Israel, kumene makanda amadya kachakudya ka mtedza kotchedwa Bamba asanathe chaka. Anatenga makanda 640 amene anali pa ngozi ya kuwengedwa, nawagawa pawiri: ena azidya mtedza, ena aziupewa. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Pofika zaka zisanu, mwa opewa 17 pa 100 anali owengedwa, pamene mwa odya anali 3 okha. Bungwe la ku America linali litachotsa kale malangizo ake akale mu 2008, ndipo Britain mu 2009. Tsopano anatembenukiratu, kotero kuti kuyambira 2017 malangizo a ku America ndi oti makanda ayambe kulawa mtedza msanga. Madotolowo sanachite manyazi kubweza mau ao pamaso pa dziko lonse, ndipo pa chimenecho ayenera ulemu.

Mai wa ku Mchinji kapena ku Kasungu amene amathira nsinjiro m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi umodzi sanamve za madotolo a ku London, koma anali kuchita chimene iwo anadzabvomereza pambuyo pake. Ndipo akanakhala kuti malangizo a 1998 anakoperedwa kuno osapetedwa, chiponde chimene Dr. Mark Manary ndi anzake anayamba kuyesa m'Malawi mu 2001, chimene chadzutsa ana onyentchera osawerengeka, chikanayang'anidwa ndi diso la mantha. Izi sizitanthauza kuti mwana amene mtedza umamuwenga kale apatsidwe. Iyeyo aupewe ndithu. Mtedza wathunthu nao umatsamwitsa ana aang'ono, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi ya bere lokha, monga a Unduna wa Zaumoyo amaphunzitsira.

Aphunzitsi ali ndi gawo lao limene dotolo sangawagwirire. Mu 2024 panatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'masukulu a m'matauni a maiko asanu ndi limodzi, Malawi, Zimbabwe, South Africa, Uganda, Ghana ndi Nigeria. Kuno anachitikira ku Blantyre. Mwa ophunzira oposa 27,000, oposa 3,000 anali ndi zizindikiro za mphumu, koma amene anauzidwapo ndi achipatala kuti ali nayo anali ngati 600 okha. Anai mwa asanu alionse ankangobanika osadziwa dzina la chowabanikitsa. Mwana wotere amatsokomola usiku, amaodzera m'kalasi, amatsalira pa masewera, ndipo nkosabvuta kumlemba kuti ngwaulesi. Kumsesetsa m'kalasi mwa fumbi monga chilango ndiko kuthira nkhuni pa moto. Mankhwala opopera m'kamwa ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa World Health Organization, ndipo salowerera m'thupi ngati fodya monga ena amaopera. Koposa zonse mphunzitsi adziwe maonekedwe a kuwengedwa koopsa: mwana wadya kanthu kapena walumidwa ndi njuchi, ndipo m'mphindi zochepa milomo yatupa, thupi latuluka totupa toyabwa, mau asasa, kupuma kwabvuta kapena wakomoka. Ameneyo asayendetsedwe pansi, ndipo asamwetsedwe kanthu. Agonekedwe, kapena akhale tsonga ngati kupuma kwamkanika, ndi kunyamulidwa msanga kupita kuchipatala, kumene mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wa pa ntchafu. Mapiritsi a ziwengo okha sakwanira.

Kwa ogwira ntchito m'Boma, chofunika chiri pafupi. Dziko lino liri kale ndi bungwe la osamalira thanzi la ana, Paediatric and Child Health Association. Liri ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba ntchito mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Ndipo madotolo a kuno akhala akupita ku University of Cape Town kukazamitsa maphunziro a matenda a ana. Sipafunika bungwe latsopano la likulu ndi magalimoto ake. Pafunika kuti pogawa malo a maphunziro apamwamba, amodzi kapena awiri apite ku nthambi imeneyi, ndipo wobwerako asakhazikidwe pa desiki. Kuti wogula mankhwala asalole adrenaline ndi mankhwala opopera kusowa m'zipatala zazing'ono. Ndi kuti matenda a chitetezo chopunduka akhale ndi mutu wao m'maphunziro a othandiza madotolo ndi azamba. Kaundula akhoza kuyamba ndi zipatala zazikulu zinai, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu: buku limodzi pa chipatala chirichonse, lolembedwa m'njira imodzi, m'mene mulowe mwana aliyense wopanda HIV amene wagonekedwa kachitatu ndi matenda oopsa a tizirombo, pamodzi ndi zaka zake, chiwerengero cha maselo ake oyera, ndi abale ake angati anafa ali makanda. Pakutha pa chaka mabuku anaiwo aikidwe pa tebulo limodzi ku Capital Hill, ndipo chiwerengero chotulukamo chitumizidwenso ku ASID.